Mayina a ku Burma Tinasunga, Nanga Makalata a Asilikali Athu?

Mu Lusaka muno mayina a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse timawatchula tsiku lililonse osazindikira kuti tikutchula za nkhondo. Munthu akati basi yadzera mu Burma Road, maganizo ake ali ku Chilenje, sali ku dziko la ku Asia limene lero likutchedwa Myanmar. Arakan kwa ife ndi kampu kumene kuli likulu la Zambia Army, basi. Ku Kabwe kuli Chindwin, ku Ndola kuli Tug Argan ndi Kalewa, ku Mufulira kuli Taung-up, ndipo ku Chipata kuli Gondar.

Mayinawa anabwera ndi anthu. Tug Argan ndi mpata wa pakati pa mapiri ku Somaliland, kumene gulu loyamba la Northern Rhodesia Regiment linalimbana ndi Ataliyana mu Ogasiti 1940. Kumeneko zinthu sizinayende bwino, ndipo ankhondo a Britain anachoka m'dzikolo kudzera pa doko la Berbera. Gondar ndi mzinda wa ku Ethiopia kumene Ataliyana anagonja mu Novembala 1941. Kalewa ndi tauni ya ku Burma, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin, imene asilikali a 11th East African Division anafikako mu Disembala 1944 atadutsa m'chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yosakata, malungo akugwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo. Anyamata a ku Chipata, Kasama, Namwala ndi Mongu anali m'matope amenewo.

Tsono dandaulo langa nali. Dziko lathu linasunga mayina a malo amene anthuwa anamenyerako nkhondo, linasunga mbendera za magulu awo ndi malipenga a pa perete, koma mawu a anthu eni ake linawasiya kuti adyedwe ndi chiswe. Makalata amene msilikali wamba analembera mkazi wake, amayi ake kapena amalume ake ndiwo umboni weniweni wa mmene nkhondo inalili kwa munthu wakuda wa kuno, ndipo boma, asilikali ndi mabanja tonse tikuyenera kuyamba kuwasonkhanitsa tsopano, pamodzi ndi mauthenga a pa foni a asilikali a masiku ano. Ndikudziwa kuti ena aona ngati ndi nkhani ya anthu okhuta. Ndifika pamenepo.

Gulu lililonse la nkhondo la Britain linkalemba buku la zochitika za tsiku ndi tsiku. Wolemba anali ofisala, ndipo pa nthawiyo maofisala onse a magulu athu anali azungu. M'mabuku oterowo mumalembedwa kuti gulu linanyamuka nthawi yakuti, linawoloka mtsinje wakuti, ovulala anali angati. Ndi zolemba zofunika, sindikuzinyoza. Koma msilikali wamba amaoneka m'menemo ngati nambala, kapena dzina lake limatuluka pokhapokha akachita zaukatswiri kapena akalakwa. Zimene ankadya, zimene ankaopa, zimene zinkamusowetsa tulo usiku, simungazipeze m'buku la ofisala.

Azakhali anga ena a ku Matero amasunga kalata imodzi ya atate awo pakati pa masamba a Baibulo. Ndi kapepala kopyapyala kamene kankapindidwa n'kukhala envulopu yake komweko, ndipo m'mizere yopindira mwayamba kung'ambika. Inalembedwa ndi pensulo. Pamwamba pali chidindo cha ofisala amene anaiwerenga isanatumizidwe. Dzanja lolemba si la agogowo, chifukwa nthawi imeneyo anali asanadziwe kulemba. Anawalembera mnzawo wa m'gulu amene anapitako ku sukulu ya mishoni. Pafupifupi theka la tsambalo ndi moni wokhawokha, munthu aliyense kumutchula payekha, kuyambira amfumu mpaka ana. Kenako mafunso akutsatana popanda kupuma. Kodi ndalama zija zinafika ku boma, ndipo anakatenga ndani? Munda wa kudambo akulima ndani chaka chino? Ng'ombe yaikazi ija isagulitsidwe, ngakhale amalume atanena bwanji. Mwana amene anabadwa iwo atachoka anamutcha dzina loti chiyani, ndipo wayamba kuyenda? Za nkhondo muli kachiganizo kamodzi kokha, konena kuti kumene aliko mvula siikata ndipo nsapato siziuma.

Wina angawerenge kalata yotereyi n'kunena kuti mulibe mbiri, muli ng'ombe ndi munda. Ine ndikuti mbiri yake ndi imeneyo. Munthu ali kutsidya kwa nyanja, m'nkhalango imene sanaionepo, adani ali pafupi, ndipo akapeza kapepala kamodzi chimene akusankha kulembapo ndi ng'ombe. Izi zikutiuza kuti nkhondoyo kwa iye inali ntchito yolowa kuti apeze ya msonkho ndi ya chikwati, kapena ntchito imene amfumu anamutumako atakakamizidwa ndi bwana DC, ndipo mantha ake aakulu sanali a chipolopolo okha koma oti adzabwerera n'kupeza khola lili pululu ndi mkazi atakwatiwa kwina. Mabuku a sukulu amatiuza kuti asilikali obwerera ku nkhondo anathandiza kudzutsa maganizo ofuna ufulu. Mwina n'zoona kwa ena. Koma amene akufuna kudziwa chimene chinkawawawa anthuwa ayambire pa funso lija loti ndalama zinafika kodi.

Funsolo lili ndi mizu. Mu 2019 atolankhani anatulutsa chikalata cha boma la Britain chosonyeza kuti ndalama yothokozera asilikali a magulu a kum'mawa kwa Africa nkhondo itatha inkawerengedwa potengera khungu. Msilikali wamba wachizungu ankalandira masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anagwira, pamene wakuda wa udindo womwewo ankalandira masheleni atatu ndi theka. Chikalata cha boma chikutipatsa manambala. Kalata ya msilikali ikutionetsa mmene manambalawo ankamvekera m'nyumba.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yolimba, ndipo ndiyenera kuimva bwino. Amati makalatawa si mawu enieni a asilikali. Choyamba, ambiri ankachita kulemberedwa, ndiye munthu sangauze mnzake wa m'hema zamumtima zonse zokhudza mkazi wake. Chachiwiri, kalata iliyonse inkadutsa m'manja mwa ofisala amene ankafufuta kapena kudula mayina a malo ndi chilichonse chooneka ngati kudandaula kopitirira. Chachitatu, kalatayo ikafika kumudzi siinkawerengedwa mobisa. Inkachokera ku boma ndi mesenjala, n'kukawerengedwa mokweza ndi aphunzitsi kapena katekisiti, apongozi ali pomwepo, ana akumvetsera kuseri kwa nkhokwe. Wolembayo ankadziwa zonsezi. Ndiye, akutero otsutsawo, kodi kalata yodutsa m'makutu ambiri chonchi inganene zoona?

Yankho langa n'lakuti ife a kuno sitinayambe dzulo kulankhula pamaso pa akuluakulu. Munthu amene anakulira pa bwalo la amfumu amadziwa kunena chinthu osachitchula. Akafunsa katatu ngati mkazi wake akukhalabe pa nyumba ya amayi ake, wakumva wamva. Akati chakudya cha kuno n'chabwino koma akukumbuka nsima ya mgaiwa, ofisala wachizungu saona chodula, koma amayi ake adziwa kuti mwana wawo waonda. Akatswiri a mbiri amadziwa kuwerenga zolemba zotere, monga mmene amawerengera zolemba za ma DC podziwa kuti nawonso ankalemba zokomera akuluakulu awo. Palibe chikalata cha nthawi ya atsamunda chimene chinalembedwa popanda wina woyang'ana paphewa. Ngati sititaya malipoti a boma pa chifukwa chimenechi, n'chifukwa chiyani titaye makalata a askari, asilikali akuda aja?

Ndiponso boma la atsamunda lenilenilo silinkaona nkhani za kumudzi ngati zachabechabe. Wailesi yoyamba ya boma m'dziko muno inayamba kuulutsa mu Lusaka mu 1941, ndipo ntchito yake inali kufalitsa nkhani za nkhondo. Nyuzipepala ya Mutende, imene boma linayambitsa mu 1936 ndipo inkalembedwa m'zinenero za kuno kuphatikizapo Chinyanja, inagwiranso ntchito yomweyo. Akuluakulu a nkhondo ankadziwa kuti msilikali wosamva za kwawo samvera bwino malamulo, ndipo mudzi wosamva za ana ake superekanso anyamata ena. Iwo ankasamala makalatawo kuti nkhondo iyende. Nkhondo itatha, chidwi chawo chinathera pomwepo, ndipo ife amene tinatenga dziko mu 1964 sitinachitolere.

Chimene chimandipweteka n'chakuti kusunga makalata timadziwa. Ku Livingstone Museum kuli makalata a David Livingstone olembedwa ndi dzanja lake, osungidwa bwino, ndipo ana a sukulu amapita kukawaona. Palibe cholakwika pamenepo. Ku London, Imperial War Museum ili ndi makalata ndi mabuku a tsiku ndi tsiku a asilikali wamba a ku Britain ochuluka zedi, ambiri operekedwa ndi mabanja awo. N'chifukwa chake mwana wa ku Britain angadziwe zimene agogo ake ankaganiza ali mu Kabaw momwemo, pamene mwana wa ku Kanyama amene agogo ake anayenda njira yomweyo atasenza katundu wolemera alibe poyambira. Ndipo tisaganize kuti ena adzatisungira. Mu 2021 bungwe losamalira manda a ankhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Pakati pawo pali amtengatenga, ngati aja ankasenza chakudya ndi zida kupita kumalire a kumpoto kufupi ndi Mbala. Amene analephera kulemba ngakhale dzina la munthu pa mwala sakanasunga kalata yake.

Makalata athu amafa imfa yosavuta kuimvetsa. Nkhalamba ikamwalira, achibale amatsegula thiranki. Jekete ya usilikali ina amatenga, mendulo amakanganirana, bulangete amagawana. Mapepala achikasu omangidwa ndi kachingwe amaikidwa pambali chifukwa palibe mwini, ndipo m'mawa wa tsiku lotsatira wina akufuna chokolezera mbaula. Ena amatha ndi njenjete, ena ndi madzi a mvula olowa m'nyumba za m'makomboni chaka ndi chaka, ena amatayika posamuka kuchoka ku nyumba ya lendi. Palibe amene amachita dala. Kungoti palibe amene anauzapo mabanjawa kuti mapepalawo ndi chuma cha dziko, ndipo palibe ofesi imene inanenapo poyera kuti bwerani nawo.

Ena adzati za 1944 zinapita, madzi akatayika sawoleka. Pang'ono n'zoona, ambiri mwa makalata amenewo anatha kale. Koma asilikali a Zambia sanaleke kupita kumalo oopsa. Mu Malichi 1978 ankhondo a Rhodesia anaukira Kavalamanja m'boma la Luangwa, ndipo asilikali athu ena anafera pomwepo. Anyamata amene ankalondera malire ndi milatho m'zaka zimenezo ankalembera kwawo, ndipo ambiri mwa iwo ndi akazi awo akali moyo, akukhala mu Lusaka mommuno. Mu Meyi 2000 zigawenga za RUF ku Sierra Leone zinagwira asilikali osungitsa mtendere a United Nations pafupifupi 500, ambiri mwa iwo a ku Zambia. Kwa milungu ingapo mabanja a m'makampu ankangomvera pa wailesi. Kodi zimene analemberana atamasulidwa, kapena zimene akaziwo ankalemba osadziwa kotumiza, zili kuti? Kuyambira mu 2015 dziko lathu limatumiza gulu la asilikali ku Central African Republic, kumene amakhala ku Birao, kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo kufupi ndi malire a Sudan. Amuna ndi akazi amapita, amakhala miyezi yambiri, ndipo si onse amabwerera amoyo.

Amenewa salembanso makalata a pa positi. Amatumiza mawu ojambulidwa pa WhatsApp netiweki ikapezeka. Amene anakhalapo m'nyumba ya msilikali woteroyo madzulo akudziwa mmene zimakhalira. Foni ikalira, mayi amatsitsa TV, ana amasiya mbale, ndipo mawu a bambo amamveka pakati pa mphepo ndi phokoso la jenereta. Amayamba ndi moni, mwana aliyense kumutchula dzina. Kenako amafunsa ngati ndalama zalowa ku banki, ngati womanga uja wafika pa lintelo ku puloti, mabuloko atsala angati, ndipo malata asagulidwe kaye mpaka iwo atabwera. Amafunsa ngati fizi ya wa giredi 12 yalipiridwa. Za kumene aliko amangoti kukutentha ndipo fumbi ndi lambiri. Mwana wamng'ono amalira kuti aikenso, ndipo amaikanso.

Ng'ombe yasanduka puloti, bwana DC wasanduka banki, koma kalata ndi yomwe ija. Kusiyana kwake n'kwakuti pepala la agogo linapirira zaka 80 m'Baibulo, pamene uthenga wa pa foni sufika ngakhale zaka zitatu. Foni ikadzaza, zoyamba kufufutidwa ndi mauthenga akale. Ikabedwa mu basi, ikagwera mu beseni, kapena ikangosinthidwa ndi yatsopano popanda wosamutsa zinthu, zonse zapita. Timaganiza kuti m'badwo uno ukusiya umboni wochuluka kuposa wa makolo athu chifukwa timajambula chilichonse. Ndikuopa kuti usiya wochepa.

Apa akuluakulu a asilikali adzati chitetezo. Ali ndi chifukwa. Msilikali saloledwa kuulula kumene gulu lili, zida zimene lili nazo kapena tsiku lonyamuka, ndipo masiku ano kachithunzi kamodzi koikidwa pa Facebook kangaphetse anthu. Koma kusunga ndi kufalitsa ndi zinthu ziwiri. Nyumba zosungira zikalata padziko lonse zili ndi njira yolandira chinthu n'kuchitsekera kwa zaka zimene mwini wake wanena. Banja lingapereke lero n'kulamula kuti zidzatsegulidwe patapita zaka 30 kapena onse otchulidwamo atamwalira. Izi zikuyankhanso nkhawa ina imene kwa ine ndi yaikulu kuposa ya chitetezo, yakuti m'makalata otere muli zinsinsi za m'banja. Muli nsanje, muli ngongole, muli dzina la mwana wa kunja. Palibe amene ayenera kukakamizidwa kuvula banja lake pagulu chifukwa cha mbiri ya dziko. Wokana akane, ndipo asafunsidwe chifukwa.

Tsono ija ya anthu okhuta. Adzati msilikali wopuma akufuna penshoni yake pa nthawi yake, mkazi wamasiye akufuna ndalama za mwamuna wake, osati kabati ya makalata. Sindikutsutsa, ndipo ndikanauzidwa kuti ndisankhe chimodzi ndikanasankha penshoni. Koma palibe amene akutiuza kusankha. Ntchito imene ndikunenayi siifuna nyumba yatsopano kapena galimoto za mabwana. Ifuna makina ojambulira mapepala, kompyuta yosungira, ndi anthu ochepa odziwa kulemba kuti kalata iyi ndi ya ndani, ya chaka chiti, yochokera kuti. Ndiponso makalata omwewa ndi amene amathandiza pa nkhani ya ndalama. Pamakhala nambala ya msilikali, dzina la gulu lake ndi deti. Banja limene lili ndi pepala lotere limakambirana ndi ofesi litaima pa miyendo iwiri, pamene lopanda pepala limangouzidwa kuti mubwere mawa.

National Archives of Zambia ili mu Lusaka mommuno, ndipo ndiyo iyenera kutsogolera, mogwirizana ndi asilikali eni ake ndi mabungwe a asilikali opuma. Ophunzira mbiri a ku UNZA amafuna nkhani zofufuza chaka chilichonse. Atumizidwe ku Matero, Chilenje, Kabwata ndi m'midzi ya Kum'mawa ndi makina m'chikwama. Lamulo likhale limodzi losasinthika: kalata ijambulidwe pomwepo n'kubwezedwa kwa mwini wake. Anthu athu anataya zinthu zambiri m'manja mwa alendo onena kuti tibwereka pang'ono, ndiye sadzatulutsa kanthu akaona kuti pepala la atate awo likukwera galimoto. Mwezi wa Novembala, pamene akuluakulu amakaika nkhata za maluwa pa chipilala cha chikumbutso mu Independence Avenue, ndi nthawi yabwino yolengeza pa wailesi m'zinenero zonse kuti amene ali ndi makalata abwere. Ndipo pa mwambowo, m'malo mwa imodzi mwa nkhani zazitali za alendo olemekezeka, mdzukulu wina awerenge kalata ya agogo ake, ng'ombe ndi munda zonse.

Osonkhanitsawo asaiwale mbali ya akazi. Makalata ochokera ku nkhondo anali ndi mwayi wokhala m'thiranki, koma opita ku nkhondo msilikali ankayenda nawo m'thumba la malaya, mvula n'kuwanyowetsa mpaka kusanduka phala. Choncho mawu a mkazi amene analima munda yekha, kulera ana, kulimbana ndi achibale ofuna ng'ombe ndi kuyenda mtunda wautali kukafunsa ndalama ku boma ndi amene anasowa kwambiri. A 1944 sitingawafunsenso. A 1978 ndi a 2000 alipo, ndipo kumene kulibe kalata, awajambule mawu akufotokoza okha. Kwa asilikali a ku Birao zinthu zasinthanso, chifukwa tsopano pali abambo otsala ndi ana pamene mayi ndi amene wavala yunifolomu, ndipo zimene mabanja amenewo amauzana sizinalembedwepo m'mbiri ya dziko lino.

Pamene maofesi akuganizira, banja lingayambe lokha sabata ino. Pepala lakale musaliike mu pulasitiki yomatira ndi moto ndipo musalimate ndi selotepu. Liikeni pakati pa mapepala oyera pamalo ouma, lijambuleni ndi foni mbali zonse ziwiri pamodzi ndi chidindo chake, n'kutumiza zithunzizo kwa achibale awiri kapena atatu okhala nyumba zosiyana. Mauthenga a mawu auzeni mwana wodziwa foni awatulutse mu WhatsApp n'kuwaika pa imelo kapena pa fulashi, ndipo lililonse alilembe deti ndi dzina la wolankhula. Ngati agogo amene analandira kalatayo akali moyo, afunseni kuti anthu otchulidwa mu moni aja ndi ndani, mmodzi ndi mmodzi, n'kulemba mayankho awo pa pepala lapadera.